Kakamera koona kutentha kamene kasintha ntchito pa benchi yanga

Kwa zaka zambiri ndinkafufuza shoti pa bodi ya foni ndi chala, kapena kufukiza utsi wa rosin, utomoni umene timagwiritsa ntchito powotcherera mawaya, n'kumadikira kuti usungunuke pamene pakutentha. Chaka chatha alamu anga a ku Johannesburg anandibweretsera InfiRay P2 Pro, kakamera koona kutentha kamene umangokabaya pa USB-C ya foni. Kamalemera magalamu 9 okha, moti tsiku loyamba ndinkaopa kuti kasochera m'mawaya.

Ubwino wake ndi wakuti umaona chipangizo chili mkati mogwira ntchito, magetsi akuyenda. Multimeter, chida choyezera magetsi, imakuuza kuti shoti ilipo, koma sikulozera pamene yabisala. Mayi ena anabweretsa foni yomwe inkamaliza batire usiku umodzi. Nditailumikiza ku power supply, makina opereka magetsi m'malo mwa batire, pa mavoti 4, inayamba kukoka magetsi isanayatsidwe n'komwe. Ndinamata lenzi yoonera pafupi, yomwe imagwira ndi maginito, ndipo pompo kakapasita, kachipangizo kosunga magetsi kochepa ngati mchenga, kanayaka pa sikirini ngati khala la moto pakati pa bodi yozizira. Ndinakachotsa, foni inachira. Kale ntchito imeneyi ikanandidyera masana onse.

Chithunzi cha kakameraka ndi cha madontho 256 ndi 192, ndipo chimasintha ka 25 pa sekondi, choncho kutentha umakuona kukufalikira pang'onopang'ono kuchokera pamene kwayambira. Apa ndi pamene ndimakakondera kwambiri. Madzulo ena ndinatsegula chaja chatsopano cha GaN (gallium nitride, imene amaigwiritsa ntchito m'malo mwa silicon popanga tiransisita) chimene kasitomala anachisiya, ndinachilumikiza ku laputopu, n'kukhala pansi kumangoonerera. Gallium nitride imapirira mavoti ambiri kuposa silicon, ndipo tiransisita yake imatsegula ndi kutseka mofulumira kwambiri, n'chifukwa chake thiransifoma ya m'kati imakhala yaing'ono chonchi. Izi ndinkangoziwerenga, koma tsiku limenelo ndinaona ndi maso mmene kutentha kumaunjikana pakamalo kochepa. Chenjezo kwa anzanga: m'kati mwa chaja chotsegula muli magetsi opha, musayandikitse chala.

Pali chimodzi choti muzolowere, ndipo ndi khalidwe la kuwala kwa infrared kumene kamera imaonera kutentha, osati vuto la kamera. Chitsulo chonyezimira chimanama. Tizivundikiro tachitsulo ta pa bodi timaoneka tozizira pamene tikuotcha, nthawi zina timangobweza kutentha kwa dzanja lako ngati kalilole. Ine ndimamatapo kachidutswa ka tepi yakuda, ndiye nambala imabwera yoona. Galasi nalo limatchinga, simungaone kudzera pa sikirini.

Amene mukufuna kugula, onetsetsani kuti m'bokosi muli lenzi yoonera pafupi ija, chifukwa popanda iyo tizipangizo ta pa bodi ya foni timangosakanikirana kukhala banga limodzi lofiira.