Nthano za a Grimm za 1812: amene wapempha si amene amalipira

Nyenyezi 4 mwa 5. Bukuli ndi nthano za Jacob ndi Wilhelm Grimm zomasuliridwa m'Chingerezi, monga momwe zinatulukira koyamba ku Germany: gawo loyamba mu 1812, lachiwiri mu 1815, nthano zonse pamodzi 156. Musagule poganiza kuti ndi nthano zija za m'makatuni. Izi ndi zoyambirira, Wilhelm asanayambe kuzikonzakonza mpaka kufika pa buku lomaliza la 1857, ndipo zina mukaziwerenga usiku tulo sitibwera msanga.

Chimene chandigwira mtima ndi mmene nthanozi zimaonera nkhani yolakalaka zinthu. Munthu akapempha chinthu amapatsidwadi, koma mtengo wake kawirikawiri umagwera mwana amene sanapemphe kanthu. Taonani nthano ya mtsikana wopanda manja. Mwini chigayo wasauka mpaka kutheratu, ndiye akumana ndi nkhalamba m'nkhalango imene ikumulonjeza chuma akaipatsa chimene chaima kuseri kwa chigayo chake. Iye avomera, poganiza kuti ndi mtengo wa maapozi. Kuseriko kunali mwana wake wamkazi. Zitatha zaka zitatu mdyerekezi, amene ndi nkhalamba ija, abwera kudzatenga zake, koma alephera chifukwa mtsikanayo ndi woyera; amumana madzi osamba, iye alirira m'manja mwake misozi n'kuwayeretsa. Pamenepo bambo wake, poopa kutengedwa yekha, amudula manja. Ndinatseka kaye bukulo. Aliyense amene anamvapo nkhani za kukhwima kwathu kuno, za munthu wolemera mwadzidzidzi atapereka wachibale ngati chizimba, aizindikira nthanoyi nthawi yomweyo. Mantha ake ndi omwewo, ndipo mbali yopweteka ndi yakuti bamboyo sakuoneka ngati chilombo, ndi munthu wanjala chabe.

Mu Rumpelstiltskin zilinso choncho. Wonama ndi bambo, amene adzitama kwa mfumu kuti mwana wake amatha kupota udzu n'kukhala golide. Wotsekeredwa m'chipinda ndi mtsikanayo, ndipo atapereka mkanda ndi mphete kwa kamunthu kamatsenga kamene kakumupotera udzuwo, chotsala n'kulonjeza mwana wake woyamba. Mu Rapunzel mayi woyembekezera alakalaka ndiwo za m'munda wa eni, mwamuna akaba, mwana n'kukhala malipiro. Ya msodzi ndi mkazi wake ndiyo yokha mwa izi imene olakalaka alipira okha: mkaziyo apempha nyumba, kenako nyumba yachifumu, ufumu, upapa, ndipo nthawi iliyonse msodzi akabwerera kwa nsomba yamatsenga imene ikuwapatsa zimenezi nyanja ikuderaderabe, mpaka mkaziyo afuna kukhala ngati Mulungu n'kubwerera m'chisakasa chawo chakale.

Mawu oyamba a bukuli ndi othandiza, musawadumphe. Amafotokoza kuti abale awiriwa ankasonkhanitsa nthanozi ku Kassel mzindawo uli m'manja mwa Afalansa, Jacob akugwira ntchito yosunga mabuku a mfumu Jérôme, mng'ono wake wa Napoleon. Ambiri amene ankawafotokozera nthano anali akazi, monga Dorothea Viehmann ndi ana aakazi a banja la Hassenpflug. Chinanso chodabwitsa: mu 1812 mfumukazi yofuna kupha Snow White ndi mayi wake womubereka, ndipo amene akakamiza kutaya Hansel ndi Gretel kutchire ndi mayi wawonso. Mayi wopeza anadzalowa m'malo pambuyo pake. Ine ndikuona kuti zoyambazi ndi zoona kwambiri pa zimene umphawi umachita m'banja, ngakhale n'zowawa kumva.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha kapangidwe ka bukuli. Mapepala ndi opyapyala moti zilembo za kuseri zimaonekera, zilembo zake n'zing'onozing'ono, ndipo chikuto chayamba kale kupindika m'makona. Nthano zina n'zazifupi kwambiri, ndime imodzi basi, ngati zolembedwa mofulumira. Ena zidzawagwetsa ulesi, koma ndi mmene zinalili.

Ngati mumakonda mabuku amakono amene amatenga nthano yakale n'kuiika m'nyengo ya mbiri yeniyeni, gulani ili kaye kuti muone kumene mdima wake unachokera. Makolo, muziyamba mwawerenga nokha musanawerengere ana. Ya msodzi ndi yabwino kwa mwana wa ku pulayimale. Ya mtsikana wopanda manja muisunge mpaka atakula.