Moog, DX7 kapena ya pa kompyuta: muyambire pa synthesizer iti?

Anzathu amene angoyamba kupanga nyimbo amakonda kufunsa kuti agule synthesizer iti, chida chija chopanga mawu a nyimbo ndi magetsi. Ndikawabwezera funso kuti akufuna mawu otani, wina amati "besi yonenepa ija yogwedeza pachifuwa", wina amati "kapiyano kolira ngati belu kaja". Pamenepo ndiye kuti atchula kale, mosadziwa, mabanja awiri amene akhala akulimbirana malo m'situdiyo kwa zaka zoposa 40: banja la analog, lopanga mawu ndi magetsi enieni osati manambala a kompyuta, limene kholo lake lodziwika ndi Moog, ndi banja la FM, limene linatchuka ndi Yamaha DX7. Pambuyo pake panabwera wachitatu, pulogalamu ya pa kompyuta, yotha kutsanzira onse awiri. Onse atatuwa ndinawagwirapo, ndipo mbali yanga ndili nayo, sindibisa.

Tiyambe ndi Moog chifukwa ndiye wamkulu. Iye asanabwere, synthesizer inali chinthu chodzaza chipinda chonse. RCA Mark II ya mu 1957, imene inakakhala ku Columbia University mu New York, inkalandira malangizo kudzera pa pepala lobowola timabowo, ndipo woyimba ankayenera kukonza zonse kaye asanamve kalikonse. Robert Moog, amene ankapanga ndi kugulitsa ma theremin, zida zamagetsi zoyimbidwa osazikhudza, kuyambira ali mnyamata, anagwira ntchito ndi woyimba Herb Deutsch, ndipo mu 1964 anaonetsa zida zake zoyamba pa msonkhano wa Audio Engineering Society. Nzeru yake inali yakuti mphamvu ya magetsi ndiyo ilamulire chilichonse. Mukawonjezera volt imodzi, mawu akwera ndi octave imodzi, kuchoka pa do kufika pa do wotsatira. Choncho chida chimodzi chinkatha kuuza chinzake chochita kudzera pa waya wamba.

Kagwiridwe kake ndi ka mmisiri wosema. Oscillator imatulutsa mawu aukali, odzaza, ngati chipika chosasema. Kenako mawuwo amadutsa mu filter, imene kwenikweni ndi sefa: imatsekereza mawu akuthwa a m'mwamba n'kulola apansi kuti adutse. Pomaliza envelope imanena kuti mawuwo ayambe mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono, akhale nthawi yotani, azime bwanji. Mumayamba ndi zambiri, n'kumachotsa mpaka patatsala chimene mukufuna.

Nthawi yomweyo, ku California, Don Buchla ankapangira oyimba a ku San Francisco Tape Music Center chida chake, ndipo iye kiyibodi anaikana dala. Ankaona kuti mukaika makiyi oyera ndi akuda, anthu azingoyimba nyimbo zakale zomwe zija pa chida chatsopano. Mwina sananame. Koma pamsika anapambana ndi Moog, makamaka chimbale cha Wendy Carlos cha Switched-On Bach chitatuluka mu 1968 n'kupata ma Grammy atatu. Anthu anamva kuti makina aja akhoza kuyimba nyimbo imene iwo akuidziwa.

Chida chimene ambiri amatanthauza akamati "Moog" ndi Minimoog ya mu 1970. Muiyang'ane bwino kutsogolo kwake, chifukwa phunziro lonse lili pamenepo. Chakumanzere kuli ma oscillator atatu, kenako posakanizira, kenako sefa ndi ma envelope, ndipo kumanja kwenikweni n'kotulukira. Mawu amayenda monga mmene maso anu akuyendera. Dinani kiyi imodzi yapansi, mutsegule ma oscillator awiri, imodzi muisunthe pang'ono kwambiri kuti isafanane ndi inzake. Mumva mawuwo akuyamba kugudubuzika, ngati akupuma. Tsopano gwirani knob (kabatani kopotokola) yolembedwa Cutoff muzitsitsa. Ukali wonse ukuchoka, pakutsala besi yozama, yozungulira. Mwaphunzira zinthu ziwiri pa mphindi imodzi popanda kutsegula buku. Besi ya Bernie Worrell mu "Flash Light" ya Parliament inachokera pa Minimoog, ndipo "I Feel Love" ya Donna Summer ndi Giorgio Moroder mu 1977 inamangidwa pa Moog yaikulu ya mawaya ija. Nyimbo zovina zambiri za lero zikuyendabe m'mapazi a ziwirizi.

Zovuta zake nazo n'zosabisika. Minimoog imayimba noti imodzi pa nthawi, moti chord simungaigwire monga pa piyano. Ilibe posunga mawu amene mwapanga. Oyimba ankajambula malo a ma knob papepala kuti mawa adzabwezeretse, ndipo ngakhale atatero mawu sankafanana ndendende. Komanso ma oscillator a analog akale amasuntha tchuni akamatentha. Ine ndinabwerekapo synthesizer ina yakale ya analog, ndinajambula besi itangoyatsidwa, ndipo pobwerera patatha ola kuti ndiwonjezere gawo lina, ziwirizo zinkakangana ngati anthu awiri oyamba nyimbo imodzi pa makiyi osiyana. Kulakwa kunali kwanga, ndinayenera kuidikira kaye kuti itenthe. Prophet-5 ya Dave Smith mu 1978 inachepetsa mavuto awiri mwa amenewa, popeza inkayimba manoti asanu nthawi imodzi n'kusunganso mawu, koma mtengo wake unali wa oyimba olemera.

Kenako mu 1983 kunabwera DX7, ndipo zinthu zinatembenuka.

Chiyambi chake n'chodabwitsa. John Chowning, wa ku Stanford University, mu 1967 ankayesa kunjenjemeretsa mawu pa kompyuta. Atafulumizitsa kunjenjemerako kufika poti khutu silingakutsatirenso, anamva kuti mawu aja asintha mtundu wake. Mawu osalala akagwedeza mawu osalala anzake mofulumira chonchi, pamabadwa mawu ena atsopano ambirimbiri. Imeneyo ndiyo FM, chidule cha frequency modulation. Makampani a ma organ a ku America sanaione phindu, koma Yamaha ya ku Japan inatenga chilolezo. Apa palibe kusema. Mumayamba ndi mawu opanda kanthu, n'kumawaumba kuti akhale ndi thupi.

DX7 ili ndi ma operator 6, timagawo totulutsa mawu osalala aja, ndipo pali njira 32 zowalumikizira, zimene amazitcha ma algorithm. Imayimba manoti 16 nthawi imodzi, sisuntha tchuni, imasunga mawu 32 m'kati mwake, ndipo inabwera ndi MIDI, njira yolumikizira zida imene inangoyamba chaka chomwecho. Ku America inkagulidwa pa madola pafupifupi 2,000, mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi ma analog akuluakulu a nthawiyo, ndipo zinagulidwa zoposa 150,000. Chimene inkachita bwino, analog sinkachifikira n'komwe: mabelu, marimba, piyano yamagetsi yowala, besi yolira ngati waya wokoka n'kuusiya. Chinanso chimene oyimba piyano anachikonda n'chakuti mukamenya kiyi mwamphamvu, mawu samangokwera phokoso ayi, amasinthanso mtundu, amathwa. Minimoog sidziwa ngati mwaimenya kapena mwangoisisita.

Koma yang'anani kutsogolo kwake. Ma knob kulibe. Kuli timabatani tophwatalala, chotsetsereka chimodzi chosinthira manambala, ndi kawindo kakang'ono ka mizere iwiri. Kuti musinthe mawu, mumasankha operator, musankhe chimene mukufuna kusintha, kenako muzikweza kapena kutsitsa nambala ya pakati pa 0 ndi 99, chinthu chimodzi pa nthawi. Ndipo FM simakuchenjezani. Mukakweza operator imodzi pang'ono, piyano yanu imawala bwino. Mukaikwezanso pang'ono, yasanduka chitini chogwa pa simenti. Mukasuntha pang'ono nambala ya liwiro la operator, mwachoka pa chitoliro mwafika pa belu. N'chifukwa chake oyimba ambiri sanavutike n'komwe, anangogwiritsa ntchito mawu obwera nayo. Amene amatchedwa E.PIANO 1 anadzaza nyimbo zachikondi za m'ma 1980 mpaka khutu kutopa. Brian Eno ndi mmodzi mwa ochepa amene anakhala pansi n'kuiphunzira mpaka kumaumba mawu akeake.

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwenikweni, osati pa mkangano wakale uja wakuti "analog ndi yofunda, digital ndi yozizira". Minimoog inapanga oyimba amene amadziwa kupanga mawu. DX7 inapanga oyimba amene amadziwa kusankha mawu. Zonse ndi luso, koma woyamba akaikidwa pa chida cha wachiwiri amapeza njira, pamene wachiwiri akaikidwa pa ma knob amangoyang'ana.

Mbiri inachitanso nthabwala yake. DX7 itatenga msika, zida za analog zinasanduka zotayidwa, zogulitsidwa motchipa m'mashopu a katundu wakale. Roland TB-303, kabokosi ka mu 1981 kamene kanapangidwa kuti kazitsanzira gitala ya besi koma n'kulephera, kanagwa m'manja mwa anyamata a ku Chicago. Iwo anangokasiya kakuyimba n'kumapotokola ma knob a sefa, ndipo "Acid Tracks" ya Phuture mu 1987 inabala mtundu wonse wa nyimbo. Zimenezo pa timabatani ta DX7 sizikanatheka, chifukwa nyimboyo kwenikweni ndi dzanja lili pa knob.

Tsono tiike ziwirizi pa ntchito. Pa besi yozama, yodzaza pansi pa nyimbo, analog ndi mwini wake, ndipo mumaipeza msanga. Koma besi yonenepa chonchi imadya malo, imalimbana ndi ng'oma ya kick, ndipo pa sipika ya foni nthawi zina imasoweratu. Besi ya FM ndi yowonda koma ili ndi mano, imamveka ngakhale pa sipika kakang'ono. Si mwangozi kuti log drum, besi yogunda ngati ng'oma ya m'nyimbo za amapiano a ku South Africa, inachokera pa Fruity DX10, ka synthesizer ka FM ka mu pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio. Pa ma chord ndi piyano yoperekezera woyimba, FM yapambana popanda mkangano. Pa mawu otambalala, ofewa, oyala kumbuyo kwa nyimbo, ndimasankha analog ya manoti ambiri, chifukwa kusakhazikika kwake kuja ndiko kumawapatsa moyo. Pa mabelu ndi zonse zachitsulo, musataye nthawi ndi sefa, pitani ku FM.

Wachitatu uja tsopano. Kuyambira pamene kampani ya Steinberg inatsegula mu 1996 njira ya VST, yolowetsera timapulogalamu m'pulogalamu yojambulira nyimbo, n'kuwonjezera zida zoyimbira mu 1999, synthesizer inalowa mu kompyuta. Pa nkhani ya FM, kunena zoona, palibe chifukwa chachikulu chosakira DX7 yeniyeni, pokhapokha ngati mukufuna makiyi ake. Inali kale kompyuta yovala kiyibodi. Dexed, pulogalamu yaulere, imawerenga mawu a DX7 enieniwo, ndipo imakuonetsani ma operator onse 6 pa sikirini imodzi, chinthu chimene eni DX7 ankangochilota. FM ndi yosavuta kuiphunzira lero kuposa mmene inalili mu 1983. Pa nkhani ya analog, zotsanzira zafika pafupi kwambiri, moti m'nyimbo yomalizidwa ine sindingalumbire kuti iyi ndi yeniyeni, iyi ayi. Ndipo mapulogalamu ngati Serum ya mu 2014 kapena Vital ya mu 2020 amachita zimene makolo onse awiri sakanatha.

Chimene kompyuta imakulandani ndi manja awiri. Ndi mouse mumagwira knob imodzi pa nthawi, pamene pa chida chenicheni dzanja lina likutsitsa sefa, lina likuyimba, ndipo zabwino zambiri zimapezeka mwangozi pakati pa ziwirizo. Imakupatsaninso msampha wa DX7 uja utakula: mawu opangidwa kale masauzande. Ndinakhalapo usiku wathunthu ndikudina "next", "next", kufunafuna besi, ndipo tambala analira nyimbo isanayambe n'komwe.

Ndiye muyambire pati? Ngati ndinu woyimba kiyibodi mu bandi, wofuna piyano, mabelu ndi besi zopezeka pa batani limodzi, musadzivute ndi synthesizer ya noti imodzi, tengani ya digital. Ngati mukufuna kudziwa kupanga mawu, yambirani pa njira ya Moog, ndipo sikuti mpaka mugule Moog. Korg Minilogue ya mu 2016 ndi analog ya manoti anayi yokhala ndi ma knob poyera, Behringer inapanga Model D yotsanzira Minimoog pa mtengo wotsika, ndipo ngakhale pulogalamu yaulere ikwanira mukailumikiza ku kiyibodi ya MIDI yokhala ndi ma knob angapo. Knob yoyamba muipatse Cutoff, yachiwiri Resonance (yokweza mawu a pamene sefa ikudulira), zotsala muzigawire envelope. Tsekani mndandanda wa mawu opangidwa kale kwa mwezi umodzi, ndipo besi iliyonse muziipanga nokha kuyambira pa oscillator imodzi.

Mukafika poti mwamva besi m'nyimbo ya wina n'kudziwa kuti sefa yake yatsekedwa pati, tsegulani Dexed. Zimitsani ma operator anayi, mutsale ndi awiri okha, wina pamwamba pa mnzake. Onse akhale pa ratio ya 1 (ratio ndi liwiro la operator poyerekeza ndi noti imene mwadina), ndipo muzikweza wapamwambayo pang'onopang'ono kuchokera pa 0. Mumva mawu akuthwa ngati mukutsegula sefa ija, ngakhale sefa palibe. Kenako wapamwambayo mumuike pa ratio ya 3.5, mufupikitse envelope yake, mudine kiyi imodzi chakumtunda kwa kiyibodi. Belu lija mumalifuna ndi limenelo.