LineageOS kapena GrapheneOS: Muike Iti pa Foni?

Ziwirizi ndi mitundu ya Android, pulogalamu yaikulu yoyendetsa foni, imene mungaike m'malo mwa imene inabwera ndi foni yanu. GrapheneOS imalowa pa mafoni a Google Pixel okha, ndipo Pixel sipezeka wamba mumsika wa Limbe. Mukaipeza, ntchito yake ndi yofewa: kompyuta, chingwe cha USB, tsamba lawo la pa intaneti, pomaliza n'kutsekanso bootloader (kapulogalamu kodzutsa foni, kamene mumayamba mwatsegula kuti muike pulogalamu yatsopanoyo).

LineageOS, yomwe inalowa m'malo mwa inzake yakale yotchedwa CyanogenMod mu 2016, imalandira mafoni ambirimbiri, ena a Samsung, Xiaomi ndi Motorola, koma imafuna kudekha. Kutsegula bootloader kumafufuta zonse, choncho yambani mwasunga zithunzi kwina. Ine magetsi anandithimira ku Ndirande ntchito ili pakati, foni n'kumangokakamira pa logo, thukuta kamukamu. Atayaka, ndinalowa mu recovery (gawo lokonzera foni ikakana kuyaka), n'kufufuta data, n'kutumizanso fayilo ya LineageOS ndi adb sideload (njira yotumizira fayilo ku foni kuchokera pa kompyuta). Inadzuka.

Mapulogalamu ena a banki amakana pa zonse ziwirizi.