Nkhono, nkhanu kapena shrimp: zoyeretsa thanki ya makorali kuno ku Mzuzu

Thanki ya madzi amchere yowetera makorali, zamoyo za m'nyanja yamchere zooneka ngati miyala kapena zomera, ikakhazikika, ndere zimayamba kumera pagalasi ndi pamiyala, ndipo pamafunika zamoyo zoti zizidya. Kuno kusankha kwake nkofunika kusamala, poti dziko lathu lilibe nyanja yamchere. Chamoyo chilichonse chimachokera kunja, ndipo chikafa simungatsetsereke ku Nkhata Bay kukatola china.

Ife timati yambani ndi nkhono, makamaka za Trochus. Zimapala ndere pagalasi ndi pamiyala pomwe, ndipo ikagwa chagada imadzitembenuza yokha. Apa ndi pomwe imaposera Astraea. Astraea imadya bwino ndithu, koma ikagwera chagada pamchenga kawirikawiri imalephera kudzuka. Mukapanda kuiona imafa, nkuwola, amoniya, poizoni wochokera ku zowola, nkukwera m'madzi. Turbo ya ku Mexico ndi yaikulu ndipo imamaliza ndere zazitali ngati tsitsi zimene zinzake zimazilambalala, komabe imagwetsa makorali osamatidwa bwino, komanso kwawo ndi kumadzi ozizirirapo, motero pa madigiri 26 sikhalitsa. Nassarius musaigulire ndere ayi. Imabisala mumchenga nkumatuluka ikanunkhiza zotsala za chakudya cha nsomba. Poyamba ikani nkhono imodzi pa malita 20 alionse, muziwonjezera ndere zikapitirira kuchuluka. Mukaunjika zambiri nthawi imodzi, ndere zikatha zimafa ndi njala.

Nkhanu za hermit, zija zimakhala m'zigoba za nkhono, zimalowa m'ming'alu momwe nkhono sizifika ndipo zimatola chakudya chotsala. Vuto lake ndi lakuti nkhanu ikakula imafuna chigoba chokulirapo, ndipo ikachisowa imapha nkhono nkulanda chake. Ya miyendo yofiira, Paguristes cadenati, ndi yofatsa kuposa ya miyendo yabuluu, Clibanarius tricolor. Ngati mwaifunitsitsa, ikani zigoba zopanda kanthu zitatu pa nkhanu iliyonse, zokulirapo pang'ono kuposa chomwe yavala. Kwa munthu amene wavutika kupeza nkhono zake, ife sitiona phindu loziika pamodzi ndi nkhanu.

Shrimp, tizamoyo ta m'madzi ta m'gulu la nkhanu, ntchito yake ndi ina, sizidya ndere. Lysmata amboinensis imatola tizilombo ndi khungu lakufa pathupi la nsomba, pomwe Lysmata wurdemanni imagulidwa kuti idye Aiptasia, kachirombo koluma makorali, ngakhale si iliyonse imene imadyadi. Poyerekeza ndi nkhono ndi nkhanu, shrimp ndi zomwe sizipirira kwenikweni mchere ukasintha mwadzidzidzi. Pozilowetsa, ikani m'ndowa ndi madzi omwe zabwera nawo, kenaka muzidonthezera madzi a m'thanki ndi kapaipi, madontho awiri kapena atatu pa sekondi, kwa ola limodzi. Mukaona chinthu chonga shrimp yakufa pamchenga, musafulumire kudandaula, nthawi zambiri imakhala yangofundula ndipo yabisala kudikira khungu latsopano kuti lilimbe. Dikirani thanki ithe miyezi ingapo musanaikemo shrimp.

Zonsezi zimafuna madzi ofanana: mchere wopangidwira ma thanki a makorali, osati wa m'ndiwo, wosungunula m'madzi osefedwa ndi RO (sefa ya reverse osmosis, yochotsa zosungunuka m'madzi) mpaka refractometer, chida choyezera mchere, ionetse 1.025 kapena 1.026, ndipo kashiamu akhale pakati pa 400 ndi 450 ppm (magawo pa miliyoni) kuti zigoba zikule. Madzi akaphwera, onjezerani opanda mchere, chifukwa mcherewo suuluka. Mankhwala a nsomba okhala ndi kopa (mkuwa) asayandikire thankiyi, amapha nkhono, nkhanu ndi shrimp zomwe.

Kuzizira kwa Mzuzu mu June ndi July nkwina. Madzi azikhala pa madigiri 24 mpaka 26, ndiye hita ndi yofunika. Magetsi akathima usiku, fundikani thanki ndi bulangeti kuti kutentha kusathawe msanga, ndipo yatsani kapampu ka mpweya ka mabatire, chifukwa madzi akaima mpweya wabwino umayamba kutha m'madzimo, kutentha kusanatsike kwenikweni.