Backup ya Google pa Android: manambala ndi macheza zinabwerera, koma malo sachedwa kudzaza

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndikunena za backup (kusunga kope la zinthu za mufoni pa intaneti) imene imabwera kale mufoni ya Android yokhala ndi akaunti ya Google, pamodzi ndi ija ya WhatsApp yomwe imapita ku Google Drive. Sindinalipirepo kalikonse, ndimagwiritsa ntchito malo aulere aja a 15 GB basi. Ndakhala nayo zaka zingapo, koma ndinaiona bwino ntchito yake foni yanga itagwera m'beseni la madzi n'kukana kuyakanso. Ndine msungichuma wa banki m'khonde yathu, komanso ndimagulitsa zitenje, ndiye mufoni mwanga mumakhala nkhani za ndalama za anthu: amene anabwereka, amene anabweza theka, amene analonjeza kuti apereka mwezi ukatha.

Simukhadi inapulumuka, ndinangoiika mufoni yatsopano. Poyatsa koyamba, foni imafunsa ngati mukufuna kukopera zinthu kuchokera ku foni ina kapena ku backup. Nditalowa mu akaunti yanga ya Gmail, panatuluka dzina la foni yakufa ija ndi tsiku limene inasunga zinthu komaliza. Kenaka inandifunsa PIN yotsegulira sikirini ya foni yakaleyo. Apa ndi pamene ambiri amakakamira, chifukwa gawo lina la backup limakhala lokhomedwa ndi PIN kapena patani ya foni yakale, pasiwedi ya Gmail payokha sikwanira. Inu amene munazolowera kutsegula foni ndi chala, nambala ija musaiiwale. Komanso funso lobwezeretsa zinthuli musalidumphe pothamangira kuona kamera yatsopano, chifukwa kulipezanso pambuyo pake kumavuta.

Manambala onse anabwerera, mndandanda wa amene tinaimbirana nawo unabwerera, ma SMS anabwerera, ngakhale ma Wi-Fi amene foni yakale inkawadziwa. Kwa ine chamtengo wapatali chinali ma SMS. Ndalama za Airtel Money kapena Mpamba sizikhala mufoni, zimakhala pa nambala yanu, choncho foni ikafa ndalama sizifa. Koma mauthenga otsimikiza kuti wakutiwakuti watumiza zakuti, tsiku lakuti, ndiwo umboni wa msungichuma. Pa msonkhano wotsatira mayi wina anaimirira n'kunena kuti, "Ine ndinatumiza kale, mayi, onani bwino." Ndinalemba dzina lawo pofufuzira mauthenga, uthenga wake n'kutuluka ndi tsiku ndi nthawi yomwe. Analidi atatumiza. Nkhani inathera pomwepo, popanda wina kukweza mawu.

Za ma app pali chinthu chimene anthu ambiri sachimvetsa. Backup sisunga app yeniyeniyo. Imasunga mndandanda wa ma app amene munali nawo, ndipo foni yatsopano imayamba kuwatsitsanso limodzilimodzi kuchokera ku Play Store. Ndiye ngati munali ndi ma app ambirimbiri, konzekani data, apo ayi muchotse chizindikiro pa amene simukuwafuna foni isanayambe kutsitsa. App imene mnzanu anakutumizirani pa Xender koma pa Play Store palibe, sibwerera. Zamkati mwa app iliyonse Android imasungako zosapitirira 25 MB, ndipo eni ake a app ali ndi ufulu wokana kuti zawo zisasungidwe n'komwe. N'chifukwa chake ma app a banki amafuna kuti mulowenso ngati mlendo. Izi sindidandaula nazo. Ndikanadabwa kwambiri app ya banki ikanangotseguka yokha pa foni ina.

Zimene sizibwerera ndi zija zokhala mu Downloads, nyimbo zimene munachita kukopera kwa anzanu, ndi mawu amene munajambula ndi rekoda. Izi backup siziona pokhapokha mutaziika nokha pa Drive. Nyimbo za kwaya yathu zinali pa memory card, ndipo itauma inagwira ntchito, mwayi wanga unali umenewo.

Vuto lalikulu kwa ife kuno ndi nthawi imene backup imachitika. Mmene anaikonzera, imadikira foni ikhale pa Wi-Fi, ikutchajidwa, ndipo palibe akuigwira. Kwa munthu wokhala ndi Wi-Fi m'nyumba, zimenezi zimachitika usiku uliwonse iye ali mtulo. Nanga ife amene Wi-Fi timaipeza mwa apo ndi apo, magetsi nawo akuzimazima? Pakhoza kutha masabata foni isanasunge kanthu, iwe uli phee ukuganiza kuti zonse zili bwino. Pali batani lololeza kuti igwiritse ntchito data ya pafoni, ine ndinaliyatsa. Koma dziwani kuti bandulo ya WhatsApp yokha sinyamula backup ya WhatsApp, popeza zinthuzo zimapita ku Google, ndiye pamafunika bandulo ya intaneti yonse. Ulendo woyamba ndi umene umadya kwambiri, maulendo otsatira amapepukirako chifukwa zithunzi zimene zinapita kale sizipitanso. Ndikulangizani kuti woyambawo mukachitire pamalo pamene pali Wi-Fi, kuntchito kapena kwa mnansi.

WhatsApp ili ndi backup yakeyake, ndipo muyenera kuiyatsa padera: Settings, Chats, kenaka Chat backup. Mumasankha akaunti ya Google ndi kuti izisunga tsiku lililonse, sabata iliyonse kapena mwezi uliwonse. Ine ndinasankha tsiku lililonse, chifukwa maoda a zitenje amabwera tsiku ndi tsiku. Pobwezeretsa pamafunika nambala yomweyo ndi akaunti ya Google yomweyo. Mukangotsimikiza nambala pa foni yatsopano, imakufunsani kamodzi ngati mukufuna kubwezeretsa macheza. Mukakana, njira yake ndi kuchotsa WhatsApp n'kuiikanso. Kwa ine macheza anayamba kufika, zithunzi ndi ma voice note zinkatsatira pang'onopang'ono ndikugwiritsa kale ntchito foni. Ndinapeza chithunzi cha chitenje chimene kasitomala wa ku Mzuzu anasankha, ndi mawu ake omwe akuti "mundisungire ziwiri zamtundu umenewu". Anzanga a GBWhatsApp, izi sizikukukhudzani. Ma app otengera amenewo salumikizana ndi Google Drive mwanjira imeneyi, ndipo eni WhatsApp amatha kutseka nambala zowagwiritsa ntchito.

Chiyambire 2021 WhatsApp imalolanso kukhoma backup ndi pasiwedi yanuyanu kapena kiyi ya zilembo ndi manambala 64, kotero kuti Google kapena WhatsApp sangawerenge zamkati. Popeza ndimasunga nkhani za ngongole za anthu, ndinakhoma. Koma ndi chitseko chopanda kiyi yapadera: foni ikatayika inu mutaiwala pasiwediyo, palibe ofesi imene mungakadandauleko. Yanga ndinailemba papepala, ili kunyumba pamodzi ndi ziphaso.

Tsopano za 15 GB. Poyerekeza ndi 5 GB imene a iPhone amapatsidwa ulere pa iCloud, ndi malo ambiri ndithu. Kungoti ndi nkhokwe imodzi imene Gmail, Drive ndi Google Photos onse amathiramo. Kale zithunzi zochepetsedwa kukula sizinkawerengedwa, koma kuyambira pa 1 June 2021 zimawerengedwa. Backup ya WhatsApp nayo inali yosawerengedwa kwa zaka zingapo, koma kuyambira kumayambiriro kwa 2024 imadya nawo malo omwewo. Ndiye taganizirani magulu amene tilimo: la kumpingo, la kusukulu kwa ana, la komiti ya ukwati umene unachitika kalekale koma gulu silinatsekedwe, la akumudzi. Kanema mmodzi yemweyo amafika m'magulu atatu. Mukayatsa Include videos, zonsezo zimapita ku nkhokwe ija. Batani limeneli kwa ine ndi lozimitsa, ndipo nthawi ndi nthawi ndimalowa mu Storage and data, kenaka Manage storage, pamene WhatsApp imaonetsa payokha mafayilo opitirira 5 MB ndi aja otumizidwa kambirimbiri. Kuchotsa zimenezo kumatenga mphindi zochepa.

Musatenge nkhani ya maloyi mopepuka. Akadzaza, backup imaima, komanso Gmail imasiya kulandira ndi kutumiza makalata. Wachinyamata amene akudikira yankho la ntchito kapena la sukulu akhoza kuliphonya chifukwa cha makanema a nthabwala. App ya Google One, imene ndi yaulere kutsitsa, imaonetsa bwino chimene chikudya malo, ndipo ili ndi pochotsera zinthu zikuluzikulu.

Google Photos ndimaikonda pa chifukwa chimodzi chachikulu. Msonkhano uliwonse ukatha ndimajambula tsamba la kaundula wa gulu, ndipo chithunzicho chimakwera chokha. Kope likadzanyowa kapena kudyedwa ndi chiswe, masamba alipo. Ndinasankha Storage saver, imene imachepetsa zithunzi zazikulu kufika pa 16 MP ndi makanema kufika pa 1080p. Manambala olembedwa ndi bolopeni amawerengeka bwinobwino, ngakhale dzanja la mlembi wathu lija lopendekera. Koma pali mabatani awiri amene amasokoneza anthu. Mukafufuta chithunzi muli mu Google Photos, chimachoka mufoni ndi ku backup komwe, chimangotsala mu Bin kwa kanthawi. Ngati cholinga chanu ndi kupeza malo mufoni, batani lake ndi Free up space, limene limachotsa mufoni zokhazo zimene zinakwera kale. Dziwaninso kuti poyamba imatenga zithunzi za kamera. Mafoda ena, monga la zithunzi za WhatsApp, mumachita kuwasankha nokha, ndipo ine la WhatsApp sindinalisankhe dala.

Zonsezi zimaimira pa chinthu chimodzi, akaunti ya Google imene mukuidziwa. Alamu anga anagula foni pashopu ina mtauni, mnyamata wogulitsayo n'kuwatsegulira Gmail pomwepo kuti Play Store igwire ntchito. Dzina anapeka yekha, pasiwedi anapeka yekha, sanawalembere paliponse. Foni itabedwa m'minibasi, backup mwina inalipo ndithu, koma alamuwo sankadziwa ngakhale dzina la akauntiyo. Titabwerera kushopuko mnyamatayo anali atasiya ntchito. Anayamba kupempha manambala pa Facebook ngati munthu wobwera kumene m'dziko. Ngati akaunti yanu anakutsegulirani ndi wina, lero lomwe onani dzina lake mu Settings, sinthani pasiwedi, ndipo ikanipo nambala yanu yobwezeretsera akaunti. Amene munayatsa chitetezo cha magawo awiri, chija chofuna chitsimikizo china kuwonjezera pa pasiwedi, Google imapereka ma code 10 a manambala 8 oti musunge papepala. Amathandiza tsiku limene foni ndi simukhadi zapita limodzi, inu mukudikira kukatenga simukhadi ina ndi chiphaso chanu cha unzika.

Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa cha lamulo la masiku 57. Malamulo a Google amati foni ikakhala osagwiritsidwa ntchito masiku 57, backup yake imafufutidwa, kupatula zithunzi ndi makanema a mu Google Photos. Manambala amene munawasunga mu akaunti ya Google amatsala, koma ma SMS, mndandanda wa oimbirana nawo ndi zamkati mwa ma app zimapita. Kwa munthu amene foni ikafa lero mawa wagula ina, lamuloli alibe nalo ntchito. Kuno foni ikabedwa ambiri amabwerera ku kafoni ka mabatani miyezi itatu kapena inayi, kudikira kukolola kapena kugawana masheya a banki m'khonde mu December. Pofika nthawi yogula ina masiku aja atha kale. Amene anaika malire amenewa ankaganizira anthu a matumba ena. Pa chifukwa chomwechi, posunga nambala yatsopano muzisankha kuti ipite ku akaunti ya Google, osati ku foni kapena ku simukhadi.

Kodi n'koyenera kulipira kuti malo akule? Gawo la 100 GB la Google One ku America ndi madola 1.99 pamwezi. Zimamveka zochepa, koma ndi ndalama yotuluka mwezi ndi mwezi, yodalira khadi ya banki yolola kugula pa intaneti, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chowerengedwa m'madola chimaluma. Wojambula zithunzi za maukwati mwina angapindule nazo. Ine ayi. Makanema a ana ndi a zinkhoswe ndimawakopera pa flash kudzera pa kachingwe ka OTG kolumikiza flash ku foni, za Google ndimasiyira manambala, mauthenga, macheza ndi masamba a kaundula.

Ngati foni yakale ikadali yamoyo ndipo mukungosintha, musavutike ndi data. WhatsApp ili ndi Transfer chats, pamene foni yakale imajambula QR code ya pa foni yatsopano macheza n'kusamuka mwachindunji, makanema omwe. Amene mukupita ku Samsung muli ndi Smart Switch, imene imakoka zinthu pa chingwe kapena pa Wi-Fi ya pakati pa mafoni awiriwo. Backup ya Google ntchito yake yeniyeni ndi ya tsiku limene foni yakaleyo palibe.

Kuti muone ngati yanu ikugwira ntchito, lowani mu Settings, Google, kenaka Backup. Pa mafoni ena dzinali limapezeka pansi pa System, koma mukalemba Backup pofufuzira mu Settings lituluka. Pansi pa dzina la foni yanu pamalembedwa nthawi imene inasunga komaliza. Chitaninso chimodzimodzi mu Chat backup ya WhatsApp, chifukwa masiku awiriwa amatha kusiyana kwambiri. Ngati palembedwa mwezi wathawu kapena kale kuposa apo, dinani Back up now mukangopeza Wi-Fi, ndipo musachoke pamalopo mpaka tsikulo litasintha.