Nikon D3500 ndi lenzi ya 18-55mm: mmene yandigwirira ntchito pojambula malo ndi za tsiku ndi tsiku

Kamerayi si yatsopano. Nikon anaitulutsa mu 2018 ndipo pano anasiya kuipanga, moti ambiri amene akuifuna akugula yogwiritsidwapo kale ntchito. Ine sindijambula kuti ndilipidwe. Ndimajambula mapiri, madzi, misewu ndi anthu ali pa ntchito zawo ndikakhala pa ulendo, ndipo ndayenda nayo mokwanira kuti ndinene pamene imandikwanira ndi pamene imaperewera. Kwa munthu amene waona kuti foni yayamba kumuchepera pojambula malo, ndikuti D3500 ikadali yoyenera kugula, bola adziwiretu zimene mulibemo.

Ndiyambe ndi kulemera, chifukwa kamera yolemera imathera m'kabati. Iyi, batire ndi khadi zili momwemo, imalemera magalamu 415, ndipo lenzi yake ya AF-P 18-55mm imaonjezera pafupifupi 205. Mutha kukwera nayo chitunda ili m'khosi osaidandaula. Pogwirira pake ndi pakuya bwino, zala zimakhala motakasuka ngakhale kamera ndi yaing'ono. Lenziyi imapindika kulowa mkati kuti ichepe m'chikwama, ndiye musanajambule muyenera kudina kabatani ndi kuipotoza kuti ituluke. Pojambula phiri zimenezi zilibe kanthu, phiri silithawa. Koma mwana akamathamangitsa mpira kapena mbalame ikatera pafupi, kamphindi kameneko n'kokwanira kuti chithunzi chikupitirireni, choncho ndikamayenda ndimaisiya yotulutsiratu.

Batire lake ndi limene limandipatsa mtendere waukulu pa ulendo. Pa muyeso wa CIPA, bungwe la makampani opanga makamera, limajambula zithunzi 1,550 likatchajidwa kamodzi, pamene makamera ambiri opanda galasi lamkati amathera m'mahandiredi ochepa. Chifukwa chake n'chosavuta: mukasuzumira pa kazenera koyang'anira, mumaona kuwala kwenikweni kumene kwalowa pa lenzi n'kubwezedwa ndi galasi, palibe sikirini imene ikudya moto. Mutha kudikira dzuwa kwa ola lathunthu diso lili pa kazenera, batire osasuntha. Chimodzi chokha muchidziwe: silitchajidwa ndi chingwe cha USB lili m'kamera, mumalitulutsa n'kuliika pa tchaja yake ya MH-24. Kopita kumene magetsi ndi osadalirika, tengani batire lachiwiri la EN-EL14a.

Koma chimene chimandichititsa kuinyamula m'malo mongodalira foni ndi sensa, kachipangizo ka mkati kamene kamalandira kuwala n'kupanga chithunzi. Ili ndi mamegapikiselo 24.2, kukula kwake ndi mamilimita 23.5 m'litali ndi 15.6 m'lifupi, kuposa kutalitali sensa ya foni wamba. Anthu amathamangira kuwerenga mamegapikiselo, koma phindu lenileni limaoneka dzuwa likamatuluka kapena likamalowa, nthawi imene kumwamba kukuwala kwambiri pamene pansi pakadali mdima. Foni imajambula zithunzi zingapo nthawi imodzi n'kuziphatikiza, n'kuwalitsa paliponse mofanana. Chithunzicho chimakongola pa sikirini yaing'ono, koma mthunzi wa phiri, umene unakuimitsani kuti mujambule, umapezeka wafufutika. D3500 sikusankhirani. Ndikaiika pa ISO 100 (ISO ndi nambala ya mmene kamera imakwezera kuwala kumene sensa yalandira) ndi kusunga chithunzi ngati RAW, fayilo yosakonzedwa ndi kamera, ndimachepetsa kuwala mpaka mitambo isapserere n'kukhala yoyera mbuu, ngakhale pansi paoneke pakuda. Kenako pa kompyuta ndimakweza mdimawo pang'onopang'ono, ndipo mitengo, miyala ndi tinjira zimatuluka zili zoyera bwino, popanda timadontho tambiri. Ndimakweza pamene ndikufuna, kwina n'kusiya kuli bii monga kunalili. Chithunzi cha m'bandakucha chiyenera kuoneka cha m'bandakucha, osati cha masana.

Lamulo limene ndimatsata ndi lakuti malo amene apserera ndi kuwala sabwereranso, pamene mdima umabwezeka. Kamerayi ili ndi njira yokuonetsani malo opserera: mukayatsa Highlights m'menyu ya kaonedwe ka zithunzi, malowo amathwanima pa sikirini mukangojambula. Imabwera yosayatsidwa, ndiye iyatseni tsiku loyamba lomwelo pamodzi ndi histogram, tchati choonetsa kuchuluka kwa mdima ndi kuwala m'chithunzi. Fayilo imodzi ya RAW imadya pafupifupi 20 MB, choncho khadi likhale lalikulu ndithu. Pulogalamu yotsegulira mafayilowa, NX Studio, Nikon amapereka ulere. Amene safuna kukhala pa kompyuta asadandaule, zithunzi za JPEG zochokera m'kamera zimatuluka ndi mitundu yabwino, kungoti mwayi wobweza mdima umachepa.

Lenzi ya 18-55mm anthu amainyoza chifukwa imabwera pamodzi ndi kamera ndipo ndi yapulasitiki. Ine sindiinyoza. Pa f/8 (nambala ya kabowo kolowetsa kuwala mu lenzi: ikamakwera, kabowo kamachepa) zithunzi zake n'zakuthwa kuchokera pakati mpaka pafupi ndi m'mphepete, ndipo pojambula malo ndi pamenepo pamene mumakhala nthawi zambiri. Mukatseka kabowo mpaka f/22 poganiza kuti zonse zithwa, chithunzi chonse chimayamba kufewa, chifukwa kuwala kukamadutsa pa kabowo kakang'ono kwambiri kumamwazika. Ine ndimalekezera pa f/11. Pa 18mm imatenga malo otambalala mofanana ndi lenzi ya 27mm pa kamera ya sensa yaikulu. N'zokwanira chigwa kapena gombe, koma mukaima pansi pa mathithi aatali kapena m'kanjira kopanikizika ka m'tauni mudzalakalaka ikanatambalala pang'ono. Mbali imene ndaikonda kwambiri ndi ya 55mm. Ambiri akaona mapiri amathamangira kutenga zonse, phiri n'kusanduka kachulu pakati pa chithunzi. Pa 55mm mumasankha kagawo: mizere ya mapiri itatsatana, uliwonse wotuwa kuposa unzake chifukwa cha nkhungu, kapena mtengo umodzi utaima pamwamba pa chitunda. Zithunzi zanga zimene ndimabwerera kukaziona zambiri zinajambulidwa chapamenepo.

Mu lenziyi muli VR, imene imachepetsa kunjenjemera kwa manja. Pa 18mm ndimatha kujambula pa 1/15 ya sekondi nditaigwira m'manja chithunzi n'kutuluka bwino. Koma VR imagwira dzanja lanu lokha, sigwira munthu amene akuyenda. Pa liwiro limenelo nyumba zimathwa, anthu n'kukhala mizukwa. Kwa anthu oyenda ndimayambira pa 1/250 n'kulola ISO ikwere. Mpaka 1600 sindiona vuto, 3200 imapiririka, ndipo ngakhale nambala zimafika 25600, kumtunda kumeneko n'kongopulumukira.

Chinthu chimodzi chimene ndinaonjezera ndipo chasintha zithunzi zanga za masana ndi fyuluta ya polarizer ya mamilimita 55. Imachotsa kunyezimira pa madzi ndi pa masamba onyowa, moti miyala ya pansi pa mtsinje imaoneka ndipo msipu umabiriwira mwakuya. Zimenezi simungazipange pa kompyuta pambuyo pake. Imagwira kwambiri dzuwa likakhala cham'mbali mwanu, osati kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo pa 18mm muichepetse mphamvu, apo ayi thambo limada mbali imodzi n'kuyera inayo.

Pa zochitika za tsiku ndi tsiku nkhani imasinthako. M'nyumba madzulo lenziyi imavutika, poti pa 55mm kabowo kake sikatseguka kupitirira f/5.6. Apa ndi pamene AF-S DX 35mm f/1.8G imalowa. Ndi yaing'ono, yolemera magalamu pafupifupi 200, ndipo imalowetsa kuwala kochuluka kangapo kuposa inzake ija. Nkhope ya munthu amene wakhala pafupi ndi zenera, manja a wina akusoka, ana atagona pa mpando wa basi, zonsezi zimatheka popanda fulashi, kumbuyo kuli kofewa. Ngati mungagule lenzi imodzi yokha yoonjezera, ikhale imeneyi.

Dziwaninso kuti kamera ngati iyi anthu amaiona. Foni palibe amene amaicheukira, koma mukakweza kamera yakuda kumaso, ena amauma thupi, ena amabisa nkhope, ndipo galasi lamkati limamveka likamagunda. Pali njira yojambula mwakachetechete imene imachepetsa phokosolo, koma silitheratu. Ine ndinaona kuti chimene chimathandiza n'kupempha, kucheza pang'ono, kuwaonetsa chithunzi choyamba, n'kudikira mpaka aiwale za ine. Chithunzi chabwino chimabwera pambuyo pake, ndipo ndi chithunzi chimene sindichita nacho manyazi kuonetsa mwini wake.

Tsopano zimene mulibe, poti zilipo ndipo zina zimakhudza wojambula malo mwachindunji. Sikirini yake ya mainchesi atatu sipindika ndipo si yokhudza ndi chala. Mukafuna kujambula kamera ili pansi penipeni, monga phiri likuonekera m'chithaphwi kapena maluwa ali kutsogolo kwa chigwa, muyenera kugwada kapena kugona chafufumimba. Ichi ndi chimene ndimachisowa kuposa zonse. Kazenera koyang'anira kamaonetsa 95 peresenti ya chithunzi, ndiye nthambi kapena waya umene simunauone umatha kulowa m'mphepete. Mulibenso chokuuzani ngati kamera yapendekeka, ndipo nyanja yopendekeka imaonekeratu kwa aliyense. Pa sikirini mutha kuyatsa mizere yothandiza kuwongola, koma pa kazenera mulibe, choncho ndimasiya kampata m'mbali kuti ndikawongole pa kompyuta.

Siijambulanso yokha zithunzi zitatu za kuwala kosiyana motsatizana, monga amachitira makamera okwererapo, mumatembenuza nokha. Ilibe polumikizira chingwe chojambulira patali, ndiye ikakhala pa tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, ndimagwiritsa ntchito taimala ya masekondi awiri kuti dzanja lisaigwedeze. Pa mathithi ndi pa magetsi a m'tauni usiku zimenezi zimakwanira, poti imatha kutsegula mpaka masekondi 30. Malo a fokasi alipo 11 okha, ndipo lapakati ndi limene limagwira molimba kukada. Kwa malo ndi anthu oyenda mwachizolowezi palibe vuto. Kwa mbalame zouluka kapena masewera othamanga, ngakhale imajambula zithunzi zisanu pa sekondi, funani kamera ina.

Wi-Fi mulibe. Zithunzi zimapita zokha ku foni kudzera pa Bluetooth ndi pulogalamu ya SnapBridge, zitachepetsedwa kufika pa mamegapikiselo awiri. Kutumizira abale kapena kuika pa Facebook n'zokwanira, koma zenizenizo zimatsala pa khadi. Kanema imajambula wa 1080p ndipo ilibe polowetsa maikolofoni. Amene cholinga chake ndi kanema, foni yake mwina imuchitira bwino.

Fumbi ndi mvula ndi zofunika kuzisamala. Kamerayi sinamatidwe kuti iziletsa madzi, ndipo sensa yake siidzigwedeza yokha kuti ichotse fumbi. Mukamasintha malenzi panja, tinthu timalowa, ndipo timaonekera pa thambo loyera mukajambula pa f/11 kapena f/16, ngati zitosi za ntchentche pa galasi la zenera. Kapampu kopemerera mpweya kamachotsa tambiri. Posintha lenzi, kamera iyang'ane pansi, inu mutafulatira mphepo. Osapemerera ndi pakamwa, malovu ndi oipa kuposa fumbilo.

Kwa woyamba kumene, pali Guide pa kagudumu ka pamwamba. Imakufunsani chimene mukufuna, kaya kufewetsa kumbuyo, kaya kuonetsa madzi akuyenda, kenako imakuonetsani nambala imene ikusintha ndi chifukwa chake. Ndimaiona yothandiza kuposa Auto, chifukwa mukaigwiritsa ntchito kwa kanthawi mumapezeka mwasamukira nokha pa A, pamene inu mumasankha kabowo, kamera n'kusankha liwiro. Ine ndimakhala pamenepo pafupifupi nthawi zonse.

Funso limene lingakuvuteni ndi lakuti kodi n'kwanzeru kugula kamera ya mtundu umene ukutha. Chaka chomwecho cha 2018 Nikon anatulutsa Z6 ndi Z7, makamera opanda galasi lamkati, ndipo malenzi atsopano akupita kumeneko. Kwa ine zimenezi sizichotsa kanthu pa chithunzi chimene D3500 imatulutsa. Malenzi a mtundu wa F akhala akupangidwa kuyambira 1959, ogwiritsidwapo kale ntchito ndi ambiri, ndipo a AF-S ndi AF-P mudzathanso kuwamanga pa kamera ya Z ndi cholumikizira cha FTZ mukadzasamuka. Samalani ndi malenzi akale a AF ndi AF-D: amalowa pa D3500, koma fokasi mumapotoza ndi dzanja, chifukwa kamerayi ilibe injini yake yoyendetsera fokasi.

Mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, musangoyang'ana kunja. Jambulani chithunzi chimodzi n'kuona nambala ya zithunzi zonse zimene kamerayo yajambula chiyambire. Imalembedwa mkati mwa fayilo ndipo pali mapulogalamu aulere oiwerenga. Jambulani khoma loyera pa f/22 n'kukulitsa chithunzicho: timadontho tozungulira ndi fumbi, timachoka, koma mzere wowongoka ungakhale kukandika. Unikani lenzi ndi tochi kuchokera kumbuyo kuti muone ngati mkati mwamera nguwi, imene imaoneka ngati tiulusi toyera ndipo imakonda malenzi osungidwa pachinyontho. Yesani kagudumu ndi mabatani onse, ndipo onetsetsani kuti tchaja ilipo ndi kuti batire ndi lenileni.