Miyezi 11 ndi khadi la pachaka la Shenandoah: ndabwera kudzabweza mawu

Kumapeto kwa Seputembala 2024, nditangogula khadi lolowera ku Shenandoah National Park chaka chonse, ndinalemba mwachidule zomwe ndinkaganiza. Ndinati masamu ake ndi a sitandade 2: galimoto imodzi imalipira $30 pageti, khadi ndi $55, ukangopitako kawiri ndalama yako yabwerera. Ndinawonjezeranso kuti wofuna kuona masamba atafiira asadzivute, angotsegula mapu a pafoni aja olosera tsiku, n'kunyamuka Loweruka lomwe mapuwo aloza. Masamu aja akadali momwemo. Koma za mapu ndi Loweruka ndinalankhula ndisanayese n'komwe, ndipo ngati pali wina anatsatira mawu anga, pepani ndithu.

Kwa amene simunafikeko, pakiyi ili m'mapiri a Blue Ridge ku Virginia, ndipo inakhazikitsidwa mu 1935. Ndi yaitali koma yopyapyala ngati lamba, ndipo pamsana pa phiri pamadutsa msewu umodzi, Skyline Drive, wa mamailosi 105. Liwiro lololedwa ndi mamailosi 35 pa ola. Mageti alipo anayi: Front Royal kumpoto, Thornton Gap, Swift Run Gap, ndi Rockfish Gap kummwera. Ife timakhala ku Manassas, ndiye geti la Front Royal timalipeza pa ola limodzi kudzera pa msewu wa I-66. Msewu wake wokhotakhota umandikumbutsa wokwera ku Ku Chawe, kungoti uwu sutha msanga.

Mapu aja amapaka boma lililonse mtundu umodzi. Boma lathu lofunika litapakidwa kufiira pa Loweruka lachitatu la Okutobala, ndinalengeza pakhomo kuti tsiku lafika. Apongozi anga, mayi awo a akazi anga, anali atabwera kudzatithandiza kulera khanda, ndipo ndinali nditawauza kangapo kuti adzaona zomwe sanaonepo chibadwire. Tinanyamuka cha m'ma 10 koloko, mpunga ndi nkhuku zili m'makontena. Mzere wa magalimoto tinaupeza tisanalione n'komwe geti. Khadi silikudumphitsa mzere, izi muzidziwiretu. Wolipira pageti ndi wa khadi nonse mumakwawa limodzi. Titalowa, malo oimikapo galimoto pa Dickey Ridge anali odzaza, ndipo mitengo ya m'munsimo inali yobiriwira ndithu, kupatula wina apa wina apo wachikasu. Mwana anayamba kulira tisanafike patali, ndipo tinabwerera.

Apongozi sanalankhule kanthu mpaka titatsika phiri. Kenako anati, “Akamwini, mitengo yobiriwirayi ndiye mwatiyendetsera mtunda wonsewu? Nanga ku Domasi inatha?” Akazi anga anaseka mpaka misozi. Ine ndinangogwiritsa chiwongolero.

Apa mpamene khadi linayamba kuonetsa ntchito yake yeniyeni. Ndimagwira ntchito ya mashifiti, ndipo nthawi zambiri Lachiwiri ndimapuma. Lachiwiri lotsatira ndinadzuka kusanache, n'kudzera ku Warrenton pa msewu wa 211, kukalowera pa Thornton Gap. Pageti panali galimoto imodzi yokha patsogolo panga. Ndinadutsa pa msewu woboola phiri wa Mary's Rock, n'kukwera mpaka ku Skyland, pomwe msewuwu umafika pamwamba penipeni, mamita oposa 1,100. Kumeneko ndinapeza mitengo yambiri itayoyola kale, nthambi zili mbee. Ndinatsala pang'ono kukhumudwanso. Koma nditayenda kanjira kakafupi kokafika pa thanthwe la Stony Man n'kusuzumira pansi, ndinaona kumene mitundu inali: pakati pa phiri, ngati wina wamanga chitenje m'chiuno mwa phirilo. Kumtunda kwake kotuwa, kumunsi kwake kobiriwira, pakatipo pofiira ndi pachikasu mpaka kumene maso amalekezera.

Ndiye kuti Loweruka lija mapu sananame kwenikweni, komanso sananene zoona. Mitundu inalipo, koma inali mamailosi 30 kutsogolo kwathu ndiponso pamwamba pa mitu yathu. Boma limodzi lili ndi chigwa, lili ndi nsonga ya phiri, ndipo mapu opaka mtundu umodzi sangakuuze zimenezo. Nsonga yaitali kuposa zonse, Hawksbill, ndi ya mamita pafupifupi 1,235. Pamwamba pamazizira kuposa m'chigwa ndi madigiri a Fahrenheit pafupifupi 10, ndiye masamba amayamba kusintha kumeneko kumayambiriro kwa Okutobala, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kukafika m'munsi kumapeto kwa mweziwo kapena kumayambiriro kwa Novembala. Funso loti “tsiku labwino ndi liti” ndinasiya kulifunsa. Pano ndimafunsa kuti sabata ino mitundu yafika pati, ndiye ndilowere geti liti.

Chimene chimachitika m'tsambamo ndinachimvetsa nditayamba kupitapita. Usiku ukamatalika, mtengo umasiya kupanga chlorophyll, chija chimabiriwiritsa tsamba, ndipo chikasu chomwe chinabisika m'tsambamo chilimwe chonse chimaonekera. N'chifukwa chake chikasu sichikhumudwitsa, chaka chilichonse chimabwera. Kufiira ndiye kovuta. Kumapangidwa nthawi yomweyo kuchokera ku shuga wotsalira m'tsamba, ndipo kumafuna masana a dzuwa ndi usiku wozizira koma wosaumitsa madzi. Chilala chimasokoneza zonse. Chilimwe cha 2024 chigwa cha Shenandoah chinauma kwambiri, ndipo ndinaona mitengo ina m'mphepete mwa msewu yomwe masamba ake anangouma n'kugwa osafiira n'komwe. Pamwamba pa zonsezi pali mphepo. Usiku umodzi wa mphepo yamphamvu ungathe kuvula phiri lonse, ndipo palibe mapu opangidwa mu Ogasiti angadziwe usiku umenewo.

Mitengo nayo sigwirizana. Black gum, sumac ndi chilambe chotchedwa Virginia creeper zimafiira msanga, zina zikadali zobiriwira. Red maple ndiye uja anthu amajambula. Hickory ndi tulip poplar zimapereka chikasu. Koma nkhalango ya pakiyi yambiri ndi oak, ndipo oak amabwera pomalizira ndi mtundu wofiirira ngati dothi la katondo. Anzanga ena amati oak akayamba ndiye kuti zatha. Ine sindigwirizana nawo. Ulendo umene ndinaukonda kuposa yonse unali wa sabata yoyamba ya Novembala, anthu atachepa, dzuwa la madzulo likuwomba mitengo ya oak m'munsi mwa phiri pafupi ndi Front Royal, pamalo omwe aja apongozi anandinyozera.

Ulendo umenewo ndinawatenganso. Anatsika m'galimoto atafunda bulangete pamwamba pa juzi ziwiri, n'kuima nthawi yaitali osanena kanthu. Kenako anatola tsamba limodzi la maple, kulitembenuza, kulifinya ndi zala. Linaphwanyika. Anati, “Koma awa ndi akufa. Kwathu mombo ukamafiira m'phiri la Zomba mvula isanagwe, amakhala masamba atsopano, ofewa ngati khutu la mwana.” Sindinali nditaganizapo zimenezo. Miyezi yake ndi yomweyi, Seputembala ndi Okutobala, mapiri onse awiri amafiira, koma kwathu mtengo umakhala ukuphuka pomwe kuno ukukonzekera chisanu. Anatola masamba ena asanu osaphwanyika n'kuwaika m'buku lawo la nyimbo, akuti akakaonetse anzawo a kumvano.

Za chifunga ndinene pang'ono. Kamodzi ndinanyamuka kunyumba kuli dzuwa, kukafika ku Big Meadows, pa mailosi 51, sindinkaona ngakhale galimoto ya patsogolo panga. Ndikanakhala kuti ndalipira $30 tsiku limenelo, ndikanakakamira kudikira mpaka madzulo, mtima ukuwawa. Ndinamwa tiyi wa m'fulasiki, kuyenda pang'ono m'dambomo momwe tizitsamba ta blueberry tinali titafiira m'munsi mwa chifungacho, n'kubwerera kunyumba nthawi ya nkhomaliro. Phindu la khadili kwa ine lili pamenepa. Limakulola kulakwitsa tsiku osadandaula. Pano ndisananyamuke ndimayang'ana makamera a pakiyi pa intaneti ndi malipoti a masamba omwe amatulutsa sabata iliyonse nthawi ya fall, nyengo yomwe masamba amasintha mtundu. Amanena zomwe zilipo lero, osati zomwe wina anaganiza miyezi iwiri yapitayo. Mapu olosera aja ndinawafufuta mufoni.

Miyezi ya chisanu khadi linagona m'galimoto. Skyline Drive imatsekedwa kukagwa sinowo kapena msewu ukaterera, ndipo malo ogona ndi odyera a pamwamba amatseka. Ndinapitako kamodzi mu Januwale, n'kupirira mphindi 20 zokha. Mu Epulo ndi Meyi ndinaona zija za Okutobala zikubwerera chammbuyo, kubiriwira kukuyambira m'chigwa n'kumakwera phiri, pamwamba pakadali potuwa. Maulendo a nthawi imeneyo ndi amene anandiphunzitsa malo oimapo omwe amayang'ana kummawa ndi omwe amayang'ana kumadzulo. Izi zimathandiza, chifukwa mbali ya kumadzulo, yoyang'ana chigwa cha Shenandoah, imakongola dzuwa likapendeka, pomwe ya kummawa imafuna munthu wolawirira. Onse pamodzi ndapitako maulendo 9.

Tsono cholakwa changa chachikulu, chomwe ndikufuna inu musachibwereze. Khadi limagwira ntchito mpaka kumapeto kwa mwezi womwe unaligula, chaka chotsatira. Langa ndinaligula Seputembala ali kutha, ndiye likutha pa 30 Seputembala 2025, masamba asanayambe n'komwe. Ndikanangodikira masiku ochepa n'kuligula Okutobala atalowa, likanandifikitsa pa 31 Okutobala 2025, ndipo ndikanaona nyengo ziwiri za masamba pa $55 yomweyo. Palibe anandinamiza, kubowola kwa mwezi kuli pakhadi pomwepo. Ndi phuma langa basi.

Zina zing'onozing'ono: pageti amafuna khadi pamodzi ndi chitupa chokhala ndi chithunzi cha mwini wake, ndiye za kubwereka la mnzako muiwale. Limalowetsa onse omwe ali m'galimoto imodzi. Wofuna kukwera Old Rag, phiri la miyala lija anthu amalitamanda, amafunika tikiti ina ya $2 yogula pasadakhale kuyambira Malichi mpaka Novembala, khadi silikhudza zimenezo. Palinso khadi lina, America the Beautiful, lomwe nthawi yomwe ndinkagula langa linali $80 ndipo limalowetsa m'mapaki onse a boma la America. Kwa woyendayenda, $25 yoonjezerayo inali yochepa. Koma ngati cholinga chanu ndi Great Smoky Mountains, dziwani kuti kumeneko salipiritsa polowa, amalipiritsa poimika galimoto kuyambira 2023, ndipo makhadi onse awiriwa sathandiza pamenepo.

Kwa mlendo wobwera ku Washington sabata imodzi, sindingati agule. $30 ya pageti imagwira masiku 7, ndipo imeneyo ikukwanirani kupitako kawiri, bola kamodzi pakhale pakati pa sabata, mulowere pa Thornton Gap kapena Swift Run Gap dzuwa lisanakwere, ndipo mukapeza pamwamba payoyoka muzitsika, mukapeza pansi pabiriwira muzikwera. Kwa amene mumakhala pafupi ngati ife, ndipo muli ndi tsiku lopuma lomwe si Loweruka kapena Lamulungu, ndigulanso, ndipo inunso gulani.

Ulendo uno ndidikira mpaka pa 1 Okutobala. Kuntchito ndapempha kale kuti Lachiwiri lililonse la mwezi umenewo asandiike pa shifiti. Apongozi anabwerera kumudzi mu Febuluwale, ndipo sabata yatha pa WhatsApp anafunsa akazi anga ngati akamwini adzapitenso kukaona mitengo yakufa ija. Akuti tsamba limodzi linaphwanyikira m'buku pa eyapoti ya Chileka, ndiye ndikawatolere lina.